Chigiriki si mankhwala a maso

Agogo anga aku Mulanje anakhala chaka chathunthu akuyenda mopapasa chifukwa cha mawu amodzi. Kuchipatala china anawauza kuti ali ndi cataract, ndipo anabwerera kumudzi ali ndi mantha, poganiza kuti ndi nthenda yachilendo yosachiritsika. Palibe amene anawauza kuti ndi ng'ala, yomwe amaidziwa kuyambira ali mtsikana, komanso kuti imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi.

Ndikuloza chala ife ophunzira. Timaloweza mawuwa ngati mapemphero, kenako n'kumawaopsezera anthu. Komatu kwa Agiriki akale, magwero a mawuwa anali mawu wamba. Cataract anachokera ku katarrhaktes, kutanthauza madzi ogwa mwamphamvu, ngati mathithi a ku Likhubula. Myopia ndi mawu awiri olumikiza: myein, kutsinzina, ndi ops, diso, chifukwa munthu wosaona patali amatsinzinira kuti aone bwino. Presbyopia ndi presbys, nkhalamba, kuphatikiza ops yemweyo: diso la nkhalamba basi. Ophthalmology ndi ophthalmos, diso, ndi logos, mawu kapena maphunziro. Ngakhale Cyclops, chimphona cha diso limodzi cha mu Odyssey ya Homer, dzina lake ambiri amalimasulira kuti diso lozungulira.

Nanga chozizwitsa chili pati? Mgiriki ankaona chinthu n'kuchitcha dzina, monga anachitira makolo athu potcha nsonga ya phiri lathu, yotalika mamita 3,002, kuti Sapitwa. Amene anapanga mawu akuti chiphadzuwa sangalephere kupeka dzina la nthenda ya maso.

Anzanga ena amati sayansi imafuna mawu amodzi padziko lonse, kuti dokotala wa ku Blantyre amvane ndi wa ku London. Sindikukana. Lembani Chigiriki m'mafailo ndi pamayeso. Koma wodwala amene wakhala pamaso panu si wa ku London. Ndi mayi wothyola tiyi amene wasiya ganyu ya tsikulo n'kulipira kabaza kuti adzamve chimene chavuta. Akatuluka osamva, ulendo wake wapita pachabe, ndipo digiri yanu sinamuthandize.

Agogo anachitidwa opaleshoni namwino wina atangowauza kuti, "Agogo, imeneyi ndi ng'ala, imachoka." Lero akusankha okha mpunga pa lichero. Inu amene mukuphunzira zachipatala, dziwani kumene mawu anu anachokera, ndipo mukafika kwa wodwala muwamasulire.