Malaini a lendi omangira ngongole

Pa Mitundu nyimbo ndi imodzi: "Kongolani, mumange malaini, ana a ku Bunda adzabweza." Bodza ilo! Tiyerekeze mwatenga K500,000 ku banki m'khonde, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi. Ndi K100,000 imeneyo, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Zipinda ziwiri za K25,000 zikupatsani K50,000 basi, ndiye ophunzira akapita ku holide muli zii. Yotsalayo ichokera kuti? Mu mpamba wa tomato.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti idakwera osachedwa, koma tayesani kukweza lendi, matenanti asamuka usiku. Ine ndaona mnzanga atasiya benchi pamsika, malaini ali pa lintala, agulu akukanganula malata panyumba yomwe amagona ndi ana.