Namwino akadwala, mudzi wonse umadwala

Pa 2 Epulo 2020 boma lidalengeza kuti anthu atatu apezeka ndi kachirombo ka corona mumzinda wa Lilongwe. Pasanathe mwezi, anamwino ndi madokotala a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo chifukwa chachikulu chinali choti adalibe zovala ndi zipangizo zokwanira zodzitetezera. Ambiri a ife tidawadzudzula. Tidati adalumbira kuthandiza odwala, nanga akuthawiranji? Koma funso lomwe iwo ankafunsa likufunikabe yankho mpaka lero: wosamalira odwala amamusamala ndani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021, ogwira ntchito zachipatala pakati pa 80,000 ndi 180,000 adamwalira ndi Covid-19 padziko lonse. Nchifukwa chake katemera wa AstraZeneca atafika m'dziko muno mu Malichi 2021, azaumoyo adali m'gulu loyamba kubayidwa.

Sizovuta kumvetsa chifukwa chake iwo ali pachiopsezo chachikulu. Kachirombo ka corona kamayenda m'timadontho tomwe timatuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuyankhula ngakhale kupuma. Inu ndi ine tingakumane ndi wodwala mmodzi pamsika wa Liwonde kapena m'minibasi ya ku Balaka. Namwino amakumana ndi odwala ambirimbiri tsiku limodzi, m'chipinda chaching'ono, nkhope zitayandikana, akuyeza kutentha kwa thupi kapena kuika paipi ya mpweya m'mphuno. Ena mwa odwalawo sadziwa nkomwe kuti ali ndi kachiromboka chifukwa kamatha kufala munthu asadayambe kumva kudwala. Ndipo namwinoyo ndi munthu ngati ife tomwe. Akhoza kukhala ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, matenda omwe amachititsa kuti Covid-19 ikhale yoopsa kwambiri.

Tisaiwalenso kuti chipatala si dokotala ndi namwino okha. Pali okolopa m'mawodi, ochapa zofunda, oyendetsa ambulansi, ogwira ntchito kunyumba yachisoni, alonda a pageti, alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya omwe amayenda khomo ndi khomo. Nthawi zambiri awa ndiwo amakhala omaliza kulandira masiki ndi magulovesi, chonsecho ndiwo amagwira zinyalala ndi zovala za odwala.

Kudwala kwake sikuthera tsiku lomwe munthu watuluka m'chipatala. Ena omwe adachira ku Covid-19 adakhala miyezi akutopa msanga, kupuma mobanika, kuiwalaiwala komanso kusowa tulo. Palinso matenda osaoneka ndi maso. Munthu yemwe waona odwala akumwalira m'manja mwake mpweya utatha m'silinda, kenako nkupita kunyumba akuopa kukumbatira mwana wake, mtima wake sukhala m'malo. Nkhawa, kukwiya msanga, kulota zoopsa ndi kutaya chidwi pantchito ndi zizindikiro za kutopa kwa maganizo. Ena amathawira ku mowa. Tikamadandaula kuti namwino watiyankhula mwaukali, nthawi zina timakhala tikuona zotsatira za katundu yemwe wasenza kwa nthawi yaitali popanda womutula.

Kuno ku Machinga ndi Balaka nkhaniyi ili ndi mbali ina. Zipatala zazikulu za boma ndi ziwiri, cha Machinga chomwe chili ku Liwonde ndi cha Balaka. Anthu ambiri amadalira zipatala zing'onozing'ono zakumudzi komwe ogwira ntchito amawerengeka ndi zala. M'masiku oyamba a mliri, wopezeka ndi kachirombo kapena wokhudzana ndi wodwala ankabindikira masiku 14. Namwino mmodzi akabindikira pamalo pomwe alipo awiri, wotsalayo amagwira usana ndi usiku. Sikelo ya ana imachedwa, amayi oyembekezera amadikira nthawi yaitali, olandira ma ARV amabwerera. Mwana wodwala malungo sadikira kuti mliri uthe. Ichi nchifukwa chake tikuti thanzi la namwino ndi thanzi la mwana wanu.

Maboma awiriwa alinso panjira. Msewu ndi njanji zimadutsa pa Balaka ndi Liwonde mpaka ku Nayuchi, m'malire ndi Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Joni omwe amabwera ndi kubwerera. Matenda opatsirana akafika, oyamba kukumana nawo ndi achipatala a kuno. Tidaziona mu Malichi 2022, pomwe munthu woyamba pa mliri waukulu wa kolera adapezeka pachipatala cha Machinga, atachokera ku Balaka. Kolera imayamba ndi bakiteriya, osati vairasi, koma idagwera anthu omwewo omwe adali asadapume ku Covid-19. Mliriwo udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chomvetsa chisoni nchoti pamwamba pa matenda, azaumoyo adalimbananso ndi ife eni ake. Nthawi ya Covid-19, ena ankakanizidwa kukwera minibasi akavala yunifolomu, ena ankagendedwa pokaika maliro. Kumayambiriro kwa 2023, anthu olusa adaononga katundu pachipatala cha Nandumbo ku Balaka potsatira mphekesera zoti achipatala ndiwo akufalitsa kolera. Mkwiyo wa woferedwa timaumvetsa, makamaka ngati sadaloledwe kusambitsa kapena kuona nkhope ya m'bale wake monga mwa mwambo. Koma chipatala chikatsekedwa, wovutika ndi mayi yemwe matenda ake ayamba pakati pa usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

WHO idalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 si ngozi yadzidzidzi yapadziko lonse monga kale, koma kachiromboka sikadathe, ndipo mavairasi ena monga mpox ndi chikuku akadalipo. Nthawi yokonzekera ndi ino, kusadagwe china.

Kwa boma ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pempho lathu ndi loti zodzitetezera zizikhala m'nkhokwe nthawi zonse ndipo zizifika mpaka kuchipatala chaching'ono, kwa wokolopa ndi kwa volontiya. Madzi ndi sopo zisamasowe pachipatala. Anamwino omwe adamaliza maphunziro alembedwe ntchito kuti omwe alipo azipeza nthawi yopuma. Ndalama za ntchito yoika moyo pachiswe zizilipidwa panthawi yake, ndipo pakhale aphungu omwe azaumoyo angakambe nawo zakukhosi mwachinsinsi.

Kwa inu makolo, pali zing'onozing'ono zomwe zimapulumutsa moyo. Ngati inu kapena mwana mukutsokomola, mukumva kutentha thupi kapena mwatuluka zidzolo, nenani msanga mukangofika pachipatala, musadikire mpaka mutalowa m'chipinda cha dokotala. Tsekani pakamwa ndi mphuno potsokomola. Wodwala mmodzi aperekezedwe ndi munthu mmodzi, osati banja lonse. Musabise ngati mwangobwera kumene kuchokera kunja. Ana abayitseni katemera yense panthawi yake. Mukakayika, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe idayambira ku Balaka konkuno mu 2011. Ndipo ngati simudathandizidwe bwino, kadandauleni ku komiti ya chipatala, kwa amfumu kapena kwa womva madandaulo pachipatala cha boma. Mwala sudachizepo munthu.

Kwa inu mavolontiya, kudzipereka sikutanthauza kudzitaya. Musagwire wodwala, masanzi kapena zovala zake ndi manja osavala kanthu. Cheza ndi banja mukhoza kuchitira panja pomwe mphepo ikuwomba. Mukayamba kumva kudwala, khalani panyumba ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, chifukwa mukadzikakamiza mudwalitsa omwe mukufuna kuwathandiza. Mukaona mnzanu wasintha, sakugona kapena wayamba kudzipatula, mufunseni. Komanso inu ndinu omwe anthu a m'mudzi amakukhulupirirani. Mphekesera ikabuka pachitsime kapena pa WhatsApp, mawu anu akhoza kuizimitsa isadafike pageti ya chipatala.

Mafumu, mashehe ndi abusa nawo ali ndi gawo. Akhale pansi ndi achipatala panopa, kukadali bata, agwirizane momwe maliro a matenda opatsirana angayendere mwaulemu komanso mosaika ena pachiswe. Zokambirana zotere sizitheka pamanda, mitima itapsa.

Mliri wina udzabwera, ngakhale sitikudziwa tsiku lake. Udzapeza namwino yemweyu, wokolopa yemweyu ndi volontiya yemweyu. Tiwasamale lero kuti tsiku limenelo adzakhalepo.