Za Pakhomo Pathu: Chipinda cha Kutsindwi

Mwezi uno tikambirane za nyumba imene yachepa. Banja likamayamba, zipinda ziwiri zimakwanira. Koma ana akasinkhuka, mnyamata ndi mlongo wake sangagonenso m'chipinda chimodzi. Makolo athu anali nayo njira: anyamata ankadzimangira gowelo, atsikana ankagona kukuka kwa agogo. Lero malo achepa, ndipo pamene pakadakhala gowelo pali mizere ya kachewere. Chifukwa chake ena ayamba kuyang'ana kumwamba, nafuna kuti mpata wa pakati pa siling'i ndi malata usanduke chipinda. Ganizo limeneli si loipa, pakuti mwana wamkazi wogona kwa anansi ali kutali ndi diso la amayi ake. Koma ntchito ya kumwamba imayambira pansi.

Choyamba, itanani mmisiri wodziwa kuti aone maziko ndi makoma. Nyumba zambiri za kuno kwathu zinamangidwa kuti zisenze denga lokha. Khoma la zidina, kapena la njerwa zomangidwa ndi dothi, silingasenze mitanda, matabwa, mabedi ndi anthu. Kumbukiraninso kuti chipinda chikangopezeka, chimanga chidzakwera komweko, ndipo matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu pamwamba pa mitu ya ogona. Akuluakulu sanaiwale chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima ndi kugwedeza dziko mpaka kuno. Nyumba yolemera kumutu koma yofooka kumiyendo ndiyo imayamba kugwa.

Chachiwiri, yezani kutalika kuchokera pamitanda kufika pansonga ya denga. Ngati sikukwana mamita awiri ndi masentimita 20, munthu sadzatha kuimirira bwino akaika matabwa opondapo. Pamenepo denga lonse liyenera kukwezedwa, ndipo mtengo wake ungapose wa chipinda chatsopano chomangidwa pambali pa nyumba. Musalole wina kudula matabwa opingasa amene agwira denga pofuna kukuza malo. Amene anawaika sanali kukometsera. Matabwa a siling'i nawonso ndi oonda, sanaikidwe kuti munthu aziyendapo.

Chachitatu ndi matabwa. Ife a ku Chongoni tili pafupi ndi mitengo ya paini, koma nkhalango ya Chongoni ndi yotetezedwa ndi Boma. Gulani kwa ocheka amene ali ndi chilolezo, ndipo mulandire lisiti. Mkhristu asagonetse ana ake pansi pa matabwa obwera usiku. Matabwawo akhale ouma ndi opakidwa mankhwala a chiswe, pakuti aawisi amapindika akamauma, nalekanitsa misomali.

Chachinayi, ganizirani moyo wa wogonamo. Pansi pa malata pamatentha koopsa mu Okutobala, ndipo mu Juni ndi Julaye chisanu cha kuno ku Dedza chimalowa m'mafupa. Mwana wozizidwa adzafuna kukwera ndi mbaula, koma mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo. Tsono pakhale siling'i pansi pa malata, zenera lalikulu loti munthu atulukirepo moto ukabuka, ndi makwerero okhazikika okhala ndi pogwira. Okhala pa boma kapena m'tauni akumbuke kuti mapulani ayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ntchito isanayambe.

Potsiriza, khalani pansi awiriwiri, bambo ndi mayi, ndi pensulo m'manja, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa Luka 14:28 Ambuye atichenjeza za kuyamba chimango tisanawerenge mtengo wake. Lembani simenti, matabwa, misomali, malata ndi malipiro a mmisiri, ndipo fizi ya ana ndi chakudya cha chaka zisakhudzidwe. Ntchito iyambe zokolola zitalowa, ithe mvula ya Novembala isanagwe. Nyumba yosasulidwa denga m'dzinja ndi chisoni cha banja lonse. Mmisiri akanena kuti makoma sangathe, musakhumudwe kapena kufunafuna wina wokuuzani zokoma. Kachipinda ka pansi komangidwa bwino kadzasunga ana anu chimodzimodzi.

Mwezi wa mawa, Ambuye akalola, tidzakambirana za khitchini yosasunga utsi.