Nyumba yakale ya mu Kapata: yambani ndi mapepala, utoto pambuyo

Ambili a ife kuno ku Chipata tikapeza tindalama timathamangila poloti. Timakonda malo a tchire kutali ndi tauni, cifukwa ndi ochipa ndiponso tifuna nyumba ya pulani yathu. Nyumba yakale ya mu Kapata, Kalongwezi, Moth kapena Little Bombay timaiona ngati yotha nchito. Ife tikuti nyumba zimenezi n'zoyenela kugula, malinga ngati wogula adziŵa pamene pali ngozi yeniyeni.

Tauni yathu si ya dzulo. Pamene inali kuchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911, ndipo mu February 2017 inakwezedwa kukhala mzinda. M'zaka zonsezi makomboni akale analandila zinthu zimene malo atsopano akali kuyembekezela. Mapaipi a Eastern Water and Sanitation Company alipo kale, mapolo a ZESCO ali pamsewu, sukulu ndi msika wa Kapata munthu afikako wapansi. Wogula poloti kunja kwa tauni amayamba ndi kukumba citsime, kulipila kuti magetsi afike, ndiyeno tsiku lililonse kulipila thilansipoti ya ana. Dzinja likafika galimoto imatitimila m'matope. Tikaŵelengela zonsezi, kuchipa kuja kumacepa kwambili.

Pali cinanso cimene ndalama sizigula msanga, ndico anansi. M'komboni yakale anthu amadziŵana. Maliro akagwa pamakhala otola nkhuni ndi ophika, mlendo akazungulila mpanda pamakhala womufunsa kumene apita.

Koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Nyelele za nyumba yakale zili mitundu iŵili. Za mtundu woyamba zimaoneka ndi maso: ming'alu ya m'zipupa, ciswe m'mitengo ya denga, mawaya a magetsi otha, mapaipi a dzimbili, ndi denga la asibesitosi limene fumbi lake limawononga mapapo ngati alicotsa mosasamala. Izi sizifunika kutiopsa. Pitani ndi mmisili amene mumamudalila, makamaka mvula ikugwa, aone pamene padontha ndi kumene madzi otsika m'mapili amadzela. Akakuuzani mtengo wokonzela, muucotse pa mtengo wa nyumba.

Za mtundu waciŵili zili m'mapepala, ndipo ndizo zimalilitsa anthu. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene anali kukhalamo. Papita zaka pafupifupi 30, ndipo ena mwa ogula aja anatisiya. Nyumba zawo tsopano ndi cuma ca masiye. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limati munthu akamwalila osasiya wilo, nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse kupatulako ngati akwatilanso. Ngakhale woyang'anila cuma ca masiye sangagulitse nyumba popanda cilolezo ca khoti. Conco mwana mmodzi amene ali ndi makiyi si ndiye mwini. Mungamupatse ndalama lelo, caka camaŵa mlongo wake n'kubwela kucokela ku Kitwe kapena ku Johannesburg ndi samani m'manja. Pamenepo mwataya ndalama, ndipo mayi wamasiye mwina mwamucotsa m'nyumba imene lamulo linamupatsa.

Safunsa anadya phula. Musanapeleke ngakhale ngwee, onani pepala la umwini lenileni, osati fotokope. Dziŵani kuti liizi ya zaka 99 ndi yosiyana ndi laisensi ya zaka 30 imene makhonsolo amapeleka m'makomboni ena. Kafufuzeni ku Unduna wa Malo kapena ku khonsolo kuti muone dzina limene linalembedwa, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe cikole ku banki. Funsani za ngongole ya madzi ndi msonkho wa nyumba wa khonsolo. Mugwilizane poyela za msonkho wa ZRA wosinthila umwini, umene unakwela kucoka pa 5 kufika pa 8 pelesenti mu January 2025. Lamulo limati wolipila ndi wogulitsa. Ngati mwini anamwalila, pemphani kukumana ndi a m'banja onse ndipo muone cikalata ca khoti. Wogulitsa amene akuti "fulumilani, pali wina afuna" pamene mwafunsa mapepala, wakuuzani kale zonse.

Ena adzati loya ndi wodula. N'zoona, koma mlandu wa zaka zisanu ku khoti ndi wodula kuposa pamenepo.

Tilinso ndi mau kwa ife amene tikhala m'nyumba za makolo. Tiyeni tikonze mapepala akuluakulu akali moyo, tilembe wilo, tisinthe maina pamene afunika kusintha. Nyumba ya mapepala oongoka imagulika pa mtengo wabwino, ndipo ikapanda kugulitsidwa imasiya abale akali kupatsana moni.