Foni Iona Tsamba, Mlimi Aona Munda

Alimi anzanga, ena mwa inu mwaonapo mapulogalamu a pa foni ozindikira matenda a mbewu. Munthu amaloza kamera pa tsamba, ndipo pa galasi la foni pamaoneka tsamba lomwelo litazunguliridwa ndi kabokosi, pamwamba pake palembedwa dzina la vuto. Anthu ambiri anayamba kuona luso loika zithunzi pamwamba pa zinthu zenizeni m'maseŵera a Pokémon Go mu 2016. Tsopano luso lotere lafika kumunda. Ine ndikuti tililandire, koma tidziŵe pamene lithera mphamvu.

Citsanzo ndi pulogalamu ya Nuru, yopangidwa ndi a PlantVillage ku yunivesite ya Penn State ku America mothandizana ndi bungwe la IITA. Imazindikira matenda a cinangwa komanso zizindikiro za mbozi za nchemberezandonda pa cimanga, ndipo ikaikidwa m'foni imagwira nchito popanda intaneti. Kwa mlimi wa kumudzi kumene netiweki imapezeka pa culu pokha, cimeneci si cacing'ono. Alangizi a zaulimi ndi ocepa, minda ndi yambiri, ndipo mbozi siidikira tsiku limene mlangizi adzafike.

Mukumbukira kuti nchemberezandonda zinaloŵa m'dziko lathu kumapeto kwa 2016. Ambiri tinaziyesa kapuci wa masiku onse, mpaka titaphunzira kuyang'ana cizindikiro conga Y wozondoka pamutu pake ndi timadontho tinayi takuda kufupi ndi kumcira. Cipangizo cothandiza wacinyamata kusiyanitsa ziŵirizi msanga n'coyenera ulemu. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Komabe foni imaona tsamba limodzi limene mwailozera. Siidziŵa kuti kumunsi kwa munda madzi anaima sabata yathunthu, kapena kuti feteleza wobereketsa anacedwa, pamene zonsezi zimacititsa masamba kukhala acikasu. Dzuŵa likaŵala kwambiri, galasi silioneka bwino. Kamera ikakhala yokandika kapena dzanja likanjenjemera, yankho lingasokonekere. Batire limatha, kuchaja n'kolipira, ndipo malangizo akabwera m'Cingelezi, amayi ambiri amene amapalira mindayi amatsala kunja. Mlimi akaika pulogalamu yotere pambali pa zifukwa izi, tisamunene kuti ndi wotsalira. Iye waŵerengera bwino zimene foniyo ikumudyera ndi zimene ikumubwezera.

Cimene ndimaopa kwambiri ndi mlimi wokhulupirira foni mopitirira. Aona dzina la mbozi pa galasi, athamangira ku sitolo ya zaulimi, agula mankhwala ndi ndalama ya fizi ya mwana, napopera munda wonse cifukwa ca tsamba limodzi. Mankhwalawo amapha ndi nyerere ndi mavu amene amadya mbozi. Ndiponso mbozi ikakula n'kubisala mkati mwa nsonga ya cimanga, mankhwala saifikira bwino. Ndalama yapita, mbozi yatsala.

Njira imene bungwe la FAO limalangiza siifuna batire. Yendani m'munda mokhotakhota ngati cilembo ca W, imani pa malo asanu, ndipo pa malo alionse yang'anani mapesi khumi. Ŵerengani amene ali ndi mabala atsopano kapena ndowe za mbozi m'nsonga. Citani zimenezi sabata iliyonse kuyambira cimanga cikangomera. Ciŵerengero cimeneci, pamodzi ndi msinkhu wa cimanga ndi mau a mlangizi, ndico ciyenera kukuuzani ngati nthaŵi yopopera yakwana. Foni ithandize kuchula dzina la cimene mwapeza pa mapesi makumi asanuwo.

Conco pempho langa kwa magulu a alimi ndi ili. Musagulitse mbuzi cifukwa ca pulogalamu. Foni imodzi ya membala ingathandize gulu lonse. Nyengo ino iyeseni pa mbewu zimene mlangizi wazipima kale, ndipo lembani m'kabuku pamene yalondola ndi pamene yaphonya. Pokolola mubwere nako kabukuko kuno, tidzakaŵerenge pamodzi ndi ophunzira atsopano. Mbewu yatsopano timaiyesa pa mizere yocepa tisanadzaze nayo munda, ndipo foni tiiyese cimodzimodzi.