"Anthu anachuluka" si chifukwa chokwanira

Pa 1 Okutobala 2013 boma la America linatsegula HealthCare.gov, tsamba la pa intaneti loti anthu azigulirapo inshuwalansi ya zaumoyo pansi pa lamulo lomwe ambiri amalitchula kuti Obamacare. Tsikulo linkadziwika kalekale, ndalama zinalipo, ndipo makampani akuluakulu monga CGI Federal anali pa ntchito. Koma zikalata zomwe zinatuluka pambuyo pake zinaonetsa kuti tsiku loyamba anthu amene anakwanitsa kulembetsa mpaka kumapeto anali 6 okha, m'dziko la anthu oposa 300 miliyoni.

Akuluakulu anayamba ndi mawu omwe tonse tinawazolowera: anthu anachuluka. Todd Park, amene anali mkulu wa zaukadaulo m'boma la Barack Obama, anati ankayembekezera anthu 50,000 mpaka 60,000 nthawi imodzi, koma anabwera pafupifupi 250,000. Kenaka mwezi womwewo makampani omwe anamanga tsambalo anauza aphungu a ku Congress kuti kuyesa dongosolo lonse pamodzi kunachitika m'masabata awiri omaliza, pomwe ntchitoyo imafunika miyezi. Ine vuto ndimaliona pamenepo. Kuchuluka kwa anthu pa tsiku lomwe mwalengeza nokha si ngozi ngati chivomerezi. Mwawaitana nokha.

Ntchito yomwe inachedwayo imatchedwa load testing, ndipo ngakhale ife ophunzira mbiri ndi zinenero tikhoza kuimvetsa. Amatenga pulogalamu monga Apache JMeter kapena Locust, zonse zaulere, n'kuiuza kuti ichite ngati anthu 500, kenaka 2,000, kenaka 10,000 akulowa pa tsamba nthawi imodzi: kulemba pasiwedi, kufufuza, kutumiza fomu. Amakwezabe nambalayo mpaka tsamba litafooka, n'kulemba pomwe lafookera. Cholinga chake ndi kuligwetsa dala eni ake okha akuona.

Nthawi zambiri chomwe chimayamba kugonja si seva yoonetsa masamba koma database, nkhokwe yosunga mayina, mapasiwedi ndi zonse zomwe munthu walemba. Chithunzi kapena chilengezo n'chofanana kwa aliyense, ndiye seva ikhoza kuchisunga pafupi n'kumangochigawa. Koma zokhudza inuyo panokha ziyenera kukafunsidwa ku database, ndipo iyo ili ndi malire. PostgreSQL, munthu akapanda kusintha kalikonse, imalola malumikizidwe 100 okha nthawi imodzi. MySQL imalola 151. Zili ngati banki yokhala ndi khonde lalikulu koma mawindo ochepa. Ndiye pali ife. Tsamba likachedwa timadina refresh kawiri, katatu, ndipo kudina kulikonse n'kuyika munthu wina pamzere womwe watalika kale. Ku HealthCare.gov anaonjeza okha moto: munthu sankatha kungoona mitengo asanatsegule akaunti, choncho aliyense, ngakhale wongofuna kusuzumira, ankapanikizana pakhomo limodzi.

Kuyesa nakonso kukhoza kunamiza. Funso lomwe database imayankha m'kuphethira kwa diso ikakhala ndi mayina 200 likhoza kutenga masekondi ambiri mayina akafika 2 miliyoni, ngati malo ofufuzira sanawaikire index. Woyesa ndi nkhokwe yopanda kanthu amangodzisangalatsa. Chimodzimodzi kudalira avereji. Anthu 90 akathandizidwa pa sekondi imodzi ndipo 10 n'kudikira mphindi yathunthu, avereji imaoneka yopiririka ndithu, koma anthu 10 aja alephera. Ndipo kawirikawiri si anthu wamba osankhidwa mwamwayi: ndi uja wa foni yakale, wa netiweki yofooka, wa bandulo yomwe ikutha akuyang'ana kabwalo kakuzungulira.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti nkhaniyi ndi ya anzathu a sayansi ya makompyuta okha. Wophunzira aliyense akudziwa mmene tsiku lomaliza kulembetsa maphunziro kapena tsiku lotuluka zotsatira limakhalira. Tsikulo salisankha ndi wolemba mapulogalamu. Amalisankha ndi munthu wa mu ofesi, ndipo ambiri mwa ife tikamaliza sukulu tidzakhala m'maofesi amenewo, kusayina kuti ntchito yatha, kontilakitala alipidwe. Musanasayine, funsani kuti tsambali analiyesa ndi anthu angati nthawi imodzi, linafookera pa nambala iti, ndipo database inali ndi zinthu zochuluka ngati zenizeni kapena ayi. Funsaninso chomwe munthu adzaone likadzalephera: uthenga womveka woti fomu yake yalandiridwa kapena ayi, kapena tsamba loyera lomwe lidzamupangitsa kulipira kawiri. Wokuyankhani kuti "likuyenda bwinobwino" popanda nambala sanakuyankheni.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yachabe. Kugula maseva okwanira tsiku limodzi pachaka n'kuwononga ndalama, makamaka kwa bungwe lomwe likuvutika kulipira magetsi. Komanso kuyesa sikuteteza chilichonse. Australia inayesa tsamba lake la kalembera ndi katundu woposa yemwe ankayembekezera, koma pa 9 Ogasiti 2016 linatsekedwabe kwa maola pafupifupi 40 anthu ena atalithira dala mauthenga ochuluka kuti lifooke. Zoona. Koma zotsatira za kuyesa sizikakamiza munthu kugula makina. Mukadziwa kuti tsamba lanu limapirira anthu 800, mukhoza kugawa masiku, a chaka choyamba Lolemba, a chaka chachiwiri Lachiwiri. Mukhoza kuika mzere wooneka, wouza munthu kuti ndi wachingati, kuti asamangodina. Mukhoza kusiya kutseka zonse pakati pausiku wa tsiku limodzi. Zimenezi sizifuna madola, zimafuna kudziwa nambalayo nthawi ilipo.

HealthCare.gov inakonzedwa m'miyezi iwiri. Pofika 1 Disembala 2013 boma linati tsambalo likutha kunyamula anthu 50,000 nthawi imodzi, nambala yomweyo yomwe ankaiyembekezera poyamba, ndipo anali ataikamo mzere wodikirira pa nthawi yomwe anthu achuluka. Kathleen Sebelius, nduna ya zaumoyo yomwe inkayang'anira ntchitoyo, anatula pansi udindo mu Epulo 2014.