Temwa wina ali ku Liwaladzi, koma adutsira pati?

Pitani pabwalo la sukulu iliyonse ku Liwaladzi, m'mbali mwa msewu wa M5, ana akangoweruka. Anyamata alanda bwalo lonse. Atsikana ena ali ku ntchemberembaye, ena athamangira kunyanja kukayanika usipa kapena kudimba kukaingitsa mbalame mumpunga. Koma pakona pali kagulu kakumenya chikulunga popanda nsapato, ndipo amene wachinya akudzitcha Temwa. Zigoli zake adazionera pafoni ya achimwene ake.

Mtsikanayu sakulota zachabe. Mu 2023 Scorchers idatenga chikho cha Cosafa itakwapula Zambia 2-1. Mu 2024 Temwa Chawinga adachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America ya NWSL, ali ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha adatsogola pa zigoli ku Italy ndi Inter Milan, n'kubwerezanso ku France ndi PSG asadapite ku Lyon. Mu Okutobala 2025 Scorchers idagonjetsa Angola 2-0 pa Bingu ndi kupeza malo ku Wafcon koyamba m'mbiri yathu. Chaka chomwecho FAM ndi National Bank adayambitsa ligi ya dziko lonse ya amayi, NBM Women's Premiership.

Ndiye kumwambaku zinthu zikuyenda. Vuto lili pansi pa makwerero.

Taonani njira zomwe akatswiri athuwa adadutsa. A Chawinga ndi a ku Rumphi, koma dziko lidawadziwa atapita m'tauni: Tabitha ku DD Sunshine ku Lilongwe, Temwa ku Blantyre Zero, kenako onse ku Sweden ndi China. Rose Kadzere, yemwe adapita ku Montpellier ku France, ndi Faith Chinzimu, yemwe adachinya zigoli ziwiri zija za Angola, adakulira mu akademe ya Ascent Soccer ku Lilongwe. Matimu ambiri a mu Premiership ndi a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mwachidule, luso limabadwira kumudzi koma khomo lili m'tauni. Mwana wopanda wachibale woti n'kumusunga ku Area 25 kapena ku Ndirande, zake zimathera pa chikulunga basi.

Nthawi nayo simudikira. Mnyamata wa zaka 19 atha kuonedwa pa bonanza n'kutengedwa. Mtsikana wa kunyanja pofika msinkhu umenewo, nthawi zambiri nkhani idatha kale. Kafukufuku wa boma wa MDHS wa 2015-16 adapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse adakwatiwa asadakwane zaka 18. Malamulo adasintha mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma lamulo silithamangitsa msodzi wa ndalama za usipa wa lero. Timu yokhala ndi masewero Loweruka lililonse, yomwe lamulo lake n'lakuti wojomba kusukulu sasewera, imampatsa mwana chifukwa china chokhalira m'kalasi.

Ena anena kuti ndalama kulibe. Eti? Nanga mabonanza aja timawaona chisankho chikayandikira, ndalama zake zimachokera kuti? Bonanza ndi phwando la tsiku limodzi: anyamata amapikisanira chikho, atsikana amangopatsidwa ntchemberembaye, bwana ajambulitsa, kwatha. Wosewera sakula ndi phwando. Amakula ndi ligi ya miyezi ingapo, yokhala ndi kalendala, oyimbira ndi kaundula wa maina ndi zaka zenizeni.

Ndipo ligi yotere siifuna mabiliyoni. Sukulu za pulayimale za m'zoni imodzi zimayandikana moti ana atha kuyenda wapansi kapena pakabaza. Chofunika ndi mipira, mayunifolomu ndi aphunzitsi aakazi ophunzitsidwa ukochi. Apa mpofunika kutsindika: kholo la ku Liwaladzi silingalole mwana wake wa zaka 13 kupita ku Dwangwa ndi bambo wachilendo, ndipo kholo limenelo silikulakwa. Pakakhala mayi mphunzitsi wodziwika, mafumu ndi komiti ya sukulu, chilolezo chimavuta pang'ono.

Opambana m'mazoni akumane pa Chitowe ku Dwangwa kapena pa boma ku Nkhotakota, ndipo FAM ndi bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA aonetsetse kuti makochi a mu Premiership ndi a timu za dziko za achisodzera ali pomwepo ndi kope m'manja. Matimu aakulu omwe ali ndi mbali ya amayi, monga Silver Strikers ndi Bullets, atha kutenga boma limodzilimodzi ngati nazale yawo. Khonsolo nayo, pogawa ndalama za CDF, ikumbukire kuti kusalaza bwalo ndi kuika magolo ndi chitukuko ndithu.

Ife a mafoni tilinso ndi gawo. Timagawana mavidiyo a Temwa usiku wonse pa WhatsApp, koma mlongo wathu akati akufuna kukasewera, timamuuza kuti atsuke mbale kaye. M'mera mpoyamba. Loweruka likubwerali, tsukani mbalezo ndinu, iye apite kubwalo.